Fulatira, Zaghloul!

Pa anthu onse amene anathera mathalauza pa masitepe a simenti a bwalo la Sopo, palibe anafika pa Zaghloul wosita zovala. Zaka makumi atatu, Lachisanu lililonse limene timu inali pakhomo, iye analipo. Kugwe mvula, kuwombe fumbi, ikhale Ramadani, analipo. Ngakhale tsiku limene mkazi wake Tafida anachira mwana wawo Nagat, anangosuzumira kuchipatala, kuwerenga zala za khandalo, n'kuona kuti zakwana, basi ulendo wa kubwalo. Ndipo pa zaka zonsezo munthuyu sanaonepo chigoli cha timu yake ndi chimodzi chomwe. Osati kuti anali wakhungu, ayi. Maso anali nawo akuthwa, oona khwinya pa kolala ali tsidya lina la msewu. Kungoti ntchito yake kubwaloko inali yofulatira.

Zinayamba mopusa. Chaka chimenecho timu ya fakitale yathu ya sopo inasewera magemu asanu ndi awiri osagwedeza ukonde, moti anthu tinkapita kubwalo kukangotukwana basi. Lachisanu lina Zaghloul, nthawi imeneyo ali mnyamata wongokwatira kumene, atakhala pa sitepe ya khumi ndi chinayi mbali ya kum'mawa, anamva kanthu konyowa kakumata pakhosi pake. Linali khoko la njere ya mpendadzuwa. Analavula anali Bahgat wometa tsitsi, amene ankakhala sitepe ya pamwamba pake. Zaghloul anadzuka n'kufulatira mpira kuti amutukwane bwinobwino maso ndi maso. Anayamba ndi mwini wakeyo, kenako bambo ake, ndipo anali atangofika pa agogo ake aamuna pamene anaona pakamwa pa Bahgat pakutseguka, maso akutong'oka, bwalo lonse n'kuphulika. Chigoli!

Patatha sabata ziwiri anatembenuka kuti aitane wogulitsa tiyi. Chigoli. Apo Shaaban wa ku butchala, chimunthu chokhala pafupi ndi Bahgat, anasiya kutafuna n'kuyamba kumuyang'ana Zaghloul mwachidwi. Gemu yotsatira, Sopo itapeza kona, Shaaban sanapemphe n'komwe. Anamugwira m'mapewa n'kumupotoloza ngati nkhosa ya pa Idi. Chigoli chachitatu. Kuyambira tsiku limenelo, mpira ukangoyandikira golo la adani, mbali yonse ya kum'mawa inkakuwa ndi mawu amodzi, "Fulatira, Zaghloul!" Ndipo Zaghloul ankafulatira.

Musaganize kuti nthawi zonse zinkatheka. Sopo inali Sopo, timu yoti ikhoza kuphonya golo lopanda munthu. Koma kwathu kuno nkhani sitiiona choncho. Akafulatira chigoli n'kulowa, ndi Zaghloul. Chikapanda kulowa, ndiye kuti wachedwa kutembenuka, kapena wasuzumira. Tsiku lina imamu wa mzikiti wa pafupi ndi fakitale analalikira kuti zimenezi n'zaumbuli, kuti nkhongo ya munthu ilibe mphamvu pa chikopa cha ng'ombe. Tonse tinavomera ndi mitu. Masana a tsiku lomwelo, pa penate, amene anakuwa kuposa tonse kuti "Fulatira!" anali imamu yemweyo. Adani nawo ankazikhulupirira. Chaka china ochemerera timu ya fakitale ya shuga anabwera ndi galasi lalikulu la pa wadilopu, analinyamula anthu anayi, n'kukaima nalo pamwamba pa sitepe yathu kuti Zaghloul akafulatira aone mpira m'galasimo. Shaaban analikhalira.

Ndiye munthuyu zaka zonsezo ankaona chiyani? Ankaona ife. Mpira ankauwerenga pa nkhope za anthu, ndipo ankaudziwa kuposa ife amene tinkauona ndi maso. Shaaban akagwira mimba ndi manja awiri, ndiye kuti mpira uli kumbali. Mitu yonse ikadzuka pamodzi, ndiye kuti wauponya m'mwamba. Koma buku lake lenileni linali Bahgat. Wometayu anali ndi nkhope yosasunga chinsinsi. Nsidze ya kumanzere inkakwera mpira ukalowa m'bokosi, mlomo wa m'munsi unkanjenjemera wosewera akakweza mwendo, ndipo chigoli chikalowa pakamwa pankatseguka pang'onopang'ono mpaka kukhosi kuonekera, makoko a njere n'kuuluka. Zaghloul ankati chigoli chimayamba kulowa mwa Bahgat, ukonde umangotsatira. Madzulo ku kantini ya tiyi ankakufotokozera chigoli chonse, amene anapatsira, mwendo umene anamenyera, ndipo ukamutsutsa wolakwa unkapezeka ndiwe.

Tafida yekha ndiye zinkamunyansa.

"Bambo a Nagat," ankatero akuika mbale ya nyemba patebulo, "mumagula tikiti yathunthu kuti mukaone mano a Bahgat? Muitaneni kuno adzayasamule, ine ndim'patsa ndi tiyi yemwe."

"Simungazimvetse, mayi a Nagat."

"Ndikuzimvetsa bwino. Amuna a anzanga amapita kukaonera mpira. Wanga amapita kukaonetsa msana."

Ndipo sankanama. Malaya ake a Lachisanu Zaghloul ankawasita kumsana kawiri, kutsogolo n'kungopitako ndi simbi kamodzi.

Kenako kunachitika chipolowe pa bwalo lina kutali ndi ife, anthu anafa, ndipo akuluakulu anatseka mageti. Mpira uziseweredwa, anatero, koma popanda oonerera. Ankati ndi miyezi itatu. Kwa ife zinatha zaka zisanu ndi ziwiri. Sopo inali timu yaing'ono yosaoneka pa kanema, choncho zigoli tinkangozimva pa wailesi madzulo, zowerengedwa ngati zidziwitso za maliro. Lachisanu loyamba Zaghloul anavala malaya ake aja n'kukaima kunja kwa mpanda atafulatira khoma, kuyambira wezulo yoyamba mpaka yomaliza, akuyang'ana bulu wa munthu wogulitsa mavwende. Pa nkhope ya buluyo panalibe chowerenga. Sanapitekonso.

M'zaka zimenezo mbali ya kum'mawa inatha pang'onopang'ono. Shaaban anagwa m'butchala mwake chikwanje chili m'manja. Imamu uja tinamuika chaka chotsatira. Ena anatsatira ana awo kunja. Mwa anthu a pa sitepe ya khumi ndi chisanu anatsala Bahgat yekha, dazi litafika m'makutu, mano atatsala atatu, manja akunjenjemera moti ankameta okhawo olimba mtima. Zaghloul sankapempha zambiri kwa Mulungu. Ankangofuna kuonanso chigoli chimodzi pa nkhope imeneyo, mwini wake asanatsatire Shaaban. Zimenezi sankamuuza Bahgat, chifukwa akanamuseka chaka chathunthu.

Mageti atatsegulidwa, tinapeza kuti timu si yathunso. Fakitale inagulidwa ndi kampani ina ya kunja, pamodzi ndi osewera, mipira ndi kochi yemwe. Bwalo lakale analigwetsa n'kumangapo malo oimika magalimoto. Latsopano anakalimanga kuchipululu, ulendo wa ola lathunthu pa basi, koma basi yopita kumeneko kulibe. Anati woonerera wa masiku ano safuna fumbi ndi thukuta la anzake, amaonera pa foni. Mpira wa pa foniwo unkachedwa ndi mphindi zinayi zathunthu, chifukwa ankauimitsa pamalo pokoma kuti aonetse malonda a sopo. Zaghloul anayesa ku kantini. Sopo ikamapita kutsogolo ankatembenuza mpando, koma ankangoona mitu yowerama, aliyense pa kagalasi kake. Bahgat ndiye analumbira pa manda a mayi ake kuti mpira wa m'thumba sadzauonera mpaka imfa.

Patatha chaka, tsiku lina pa shopu ya Zaghloul panaima galimoto yoyera, ndipo munatuluka bambo wa suti yothina, wonunkhira kuposa mkwati. Anati dzina lake ndi Wael, mkulu woona za chisangalalo cha oonerera.

"Oonerera ake ati?" anafunsa Zaghloul, mwendo uli pa simbi yake yaikulu yokankha ndi phazi.

"Ndi nkhani imene ndabwerera, amalume. Mbiri yanu taimva. Tikufuna mukhale m'bwalo lathu mpaka kalekale."

Zaghloul anaganiza kuti akumupatsa tikiti ya moyo wonse. Anathamangira m'nyumba kukavala malaya a Lachisanu, anapesa ndevu, n'kuima mowongoka ngati msilikali. Wael anamupempha kuti atembenuke. Anamujambula nkhongo kasanu, kumuyeza mapewa ndi tepi, kumuthokoza, n'kumapita. Podutsa ku kantini anabwereka zithunzi zonse zakale za mbali ya kum'mawa zimene zinali pakhoma. Mpaka lero sizinabwere.

Zotsatira zake tinaziona pa foni ya Nagat. Bwalo latsopano linali lodzaza, mipando zikwi makumi atatu, popanda ndi umodzi womwe wosowa munthu. Koma anthu ake anali a pansalu, nkhope zathu zomwe za m'zithunzi zija, zosindikizidwa n'kukungidwa pa mipando. Ndipo pakati pawo, pa mzere wa khumi ndi chinayi, panali chidole chovala malaya osalala kumsana, chili pa chitsulo chozungulira. Mpira ukayandikira golo, zokuzira mawu zinkakuwa ndi mawu athu akale, "Fulatira, Zaghloul!" chidole n'kuzungulira, zwii!

"Mwaonatu," anatero Tafida. "Zaka makumi atatu ndikukuuzani kuti ntchito yanuyo ngakhale fani yokupizira mphepo ikhoza kuigwira."

Zaghloul sanadye tsiku limenelo. Zinamupweteka kwambiri, makamaka poona kuti nkhongoyo anaifanizira bwino.

Koma amene anapanga chidolecho, kaya ali dziko liti, mpira sankaudziwa. Anachiuza kuti chizifulatira mpira ukapita ku golo la kumpoto, osaganiza kuti theka likatha matimu amasinthana mbali. Ndiye theka limodzi chinkagwirira ntchito Sopo, theka linalo adani, mosakondera. Ndipo popeza adani ankadziwa kumenya mpira kuposa ife, opindula nacho kwambiri anali iwo. Sopo inatsetsereka mpaka pansi pa ligi. Ku kantini tinagwirizana kuti mphamvu ilipo ndithu, kungoti magetsi alibe kwawo. Wael analembera kalata amene anapanga chidolecho, iwo n'kumuyankha kuti chikugwira ntchito bwinobwino. Kutatsala gemu imodzi, yoti Sopo ikapanda kupambana ituluka mu ligi ndipo eni ake aithetsa, goloboyi wathu anakwera m'mipando n'kukachithyola khosi. Osewera onse anati popanda Zaghloul weniweni, nsapato savala.

Galimoto yoyera inabweranso.

"Amalume," anatero Wael, ulendo uno atavula magalasi akuda, "tikapambana, mpando umenewo ndi wanu mpaka kalekale. Inu nokha, munthu weniweni m'bwalo lonse. Tidzakuikirani ndi ambulera."

"Ndipita ndi Bahgat."

"Bahgat ndi chiyani?"

"Ndi amene ndimaonerapo mpira."

Wael sanamvetse, koma anati palibe vuto. Nagat anagula tikiti ya Bahgat pa foni yake n'kuiika foniyo m'thumba la mkanjo wa wometayo, iye akudandaula kuti ikumuotcha nthiti. M'mawa wa Lachisanu Zaghloul anapeza malaya ake atasitidwa kale, kumsana kawiri, kutsogolo kamodzi. Anayang'ana Tafida.

"Musandiyang'ane," anatero mayiyo. "Sindikufuna anthu azinena kuti chidole chinkatchena kuposa mwamuna wanga."

Anafika kuchipululu dzuwa litangopendeka. Bwalo linali chinthu chachikulu chonyezimira, ndipo phokoso la anthu zikwi makumi atatu linkamveka kale, ngakhale osewera anali asanatuluke. Pamalo oimika magalimoto panali magalimoto anayi ndi galu. Geti linali lachitsulo, la diso la kamera pamwamba, ndipo pambali pake panakhala mlonda mmodzi, Hanafi, akudzikupiza ndi katoni.

Zaghloul anaima kutsogolo kwa kamera.

"Pepani, sitikukudziwani," anatero makina ndi mawu aulemu a mzimayi.

Anavula chipewa. Makina anapepesanso. Anamwetulira. Makina anapepesa kachitatu. Wael anayamba kutuluka thukuta ndi kuimbira anthu amene sankayankha.

"Iwe chitsiru," anatero Bahgat akulavula khoko, "anakujambula mbali iti? Lowa chafutambuyo."

Zaghloul anatembenuka.

"Takulandirani, a Zaghloul," anatero makina mosangalala. Geti linatseguka, iye n'kulowa chafutambuyo, Hanafi akumuuza poponda.

Bahgat anawongola mkanjo n'kuima pa kamera.

"Pepani, a Bahgat, muli kale mkati. Mzere wa khumi ndi chisanu, mpando wachisanu ndi chitatu."

"Ndili mkati? Nanga waima panoyu ndi mlamu wako?"

Wael anafotokoza, akupukuta khosi, kuti anthu a pansalu aja makina amawawerenga ngati oonerera enieni, n'chifukwa chake bwalo limadzaza sabata iliyonse, ndipo munthu mmodzi sangalowe kawiri. Zinali zotheka kukonza, koma mpaka Lamlungu, tsiku limene ofesi za kwathu kuno zimatsegula. Zaghloul anati ngati zili choncho nayenso akutuluka. Wael anamugwira mkono ndi manja awiri.

"Chonde amalume, musayerekeze! Nkhongo imalowa kamodzi. Mukatuluka dzina lanu lifufutika, ndipo mpando uja basi."

Mkati wezulo inalira.

"Pita iwe," anatero Bahgat kudzera m'zitsulo za geti. "Akuti ndili kale komweko. Ukandipatse moni." Anakakhala pa mwala wa m'mphepete mwa msewu, mumthunzi wa pholo la magetsi, n'kutulutsa njere zake.

Osewera atamuona Zaghloul akutsika m'mipando anamuombera m'manja, anthu khumi ndi mmodzi kuombera m'manja woonerera mmodzi. Anakhala pa mpando wa pulasitiki wotentha, chitsulo cha chidole chija chikumubaya m'ntchafu. Mpira unayamba. Zokuzira mawu zinkasangalala mosalekeza, Sopo ikataya mpira, wosewera akavulala, ngakhale oyimbira akamamanga chingwe cha nsapato, chifukwa kampani inapeza kuti oonera pa foni sakonda phokoso lachisoni. Patatha mphindi khumi Sopo inapeza kona. "Fulatira, Zaghloul!" Anafulatira.

Anakumana maso ndi Bahgat wa zaka makumi awiri zapitazo, tsitsi lonse, mano onse, pakamwa pali yasa! Pambali pake panali Shaaban, wonenepa bwinobwino. Mzere wa pamwamba, Shaaban winanso. Anawawerenga, a Shaaban asanu ndi mmodzi, aimamu anayi, onse manja ali m'mwamba, akusangalalira chigoli chimene chinalowa kalekale. Mphepo ya m'chipululu inkawagwedeza pang'ono. Zaghloul anayang'anitsitsa nsidze ya kumanzere ija, kuidikira kuti ikwere. Anadikira mpaka anadziona kupusa. Atacheuka anapeza mpira uli kale pa golo lathu. Sanachitepo mantha ali kubwalo, koma tsiku limenelo anachita, ndipo anawasowa anzake.

Anafulatira kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo uliwonse ankadziwa zimene zachitika pokhapokha atacheuka n'kuona chikwangwani: ziro kwa ziro. Kutatsala mphindi imodzi, wosewera wathu wa kutsogolo anagwa m'bokosi, kaya anam'kankha kaya anangotopa, oyimbira n'kuloza pa kadontho. Penate! Osewera onse anayang'ana kumpando wake, kochi atagwada. Zaghloul anaimirira, anakoka malaya kuti kumsana kuwongoke, n'kufulatira.

Anamva wezulo. Anamva nsapato ikugunda chikopa, phu! Kenako phokoso lomwe lija, losakwera, losatsika. Bahgat wa pansalu anali yasa monga analili kuyambira masana. Chalowa? Goloboyi wagwira? Chapita kumwamba? Kunali kungocheuka basi n'kudziwa. Khosi linayamba kupotoloka lokha, iye n'kuligwira ndi dzanja. Zaka zisanu ndi zinayi akudikira chigoli, lero achilandire kwa chikwangwani? Pamenepo ndi pamene anakumbukira malonda a sopo ndi mphindi zinayi zija.

Ha! Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu, mawondo otha ndi simbi, anakwera masitepe awiriawiri, akuponda a Shaaban ndi kuwapepesa. Analowa m'khonde la kuseri n'kutsika nalo. Wael ankamuthamangira akukuwa, "Amalume! Amalume, taimani, ta—" koma Zaghloul anatseka makutu ndi zala n'kuyamba kuimba nyimbo ya ukwati mokweza kuti asamve. Pageti makina anafunanso nkhongo, ndipo kutembenuka kunali kuyang'anizana ndi kanema wamkulu wa m'khondemo. Anatsinzina, n'kutembenuka, zala zili m'makutu, akuimbabe. Hanafi, munthu wosafunsa mafunso, anamugwira lamba n'kumukokera kunja.

"Zikomo, a Zaghloul," anatero makina. "Dzina lanu lafufutidwa."

Bahgat anali pa mwala pomwe paja, atawerama, foni ya Nagat ili pa maondo.

"Suja unalumbira pa manda a mayi ako?" anatero Zaghloul akupuma wefuwefu.

"Mayi anga sanakhalepo m'chipululu maola awiri ndi galu. Koma iwe ukutani kuno? Penate! Atipatsa penate! Bwerera ukafulatire, mbuzi iwe!"

"Ndafulatira kale."

Bahgat anamuyang'ana, anayang'ana bwalo, kenako foni. "Ndiye chalowa?"

"Ndikanadziwa ndikanathamanga chonchi? Dzutsa mutu. Kweza chinthucho apa, pamwamba pa phewa langa. Osawerama!"

Anakhala pamchenga, bwalo lili kumsana, Bahgat ali pamwala sitepe imodzi pamwamba pake. Pageti Wael anatsegula pakamwa kuti akuwe zotsatira, Hanafi n'kumutseka ndi katoni ija.

"Wauika pa kadontho," anatero Bahgat. "Akubwerera m'mbuyo. Asa! Mzimayi akuchapa!"

"M'siye achape."

Mzimayi wa sopo anachapa, anatsukuluza, anayanika. Zaghloul sanaphethire. Kenako nsidze ya kumanzere, yoyera tsopano, inakwera. Mlomo wa m'munsi unayamba kunjenjemera. Pakamwa panatseguka pang'onopang'ono, dzino loyamba, lachiwiri, lachitatu, mpaka kukhosi, ndipo nkhalamba inakuwa ndi mawu osasa, "Chigoooli!" Galu anathawa. Khoko la njere linauluka n'kukamata pachipumi pa Zaghloul.

"Mwendo wamanzere," anatero Zaghloul, misozi ikutsikira m'ndevu. "Pansi, kona ya kumanja. Goloboyi wapita kwina."

"Unasuzumira iwe!"

"Pali Mulungu, sindinasuzumire."

Mkati phokoso linali lomwe lija, losakwera, losatsika. Bahgat anapukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo, anakoka mamina, n'kumuyang'ana mnzake kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mpando wataya, ambulera wataya, ndipo basi kuno kulibe. Mayi a Nagat akakupha. Tapukuta pachipumipo, uli ndi malovu anga."

"Asiye," anatero Zaghloul. "Auma okha."